Ndine Ndinawakweza Basi Bambo Ako

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, pamodzi ndi amuna ako ndi adzukulu anga awiriwo. Kodi chifuwa chija chinamusiya wamng'onoyo? Nanga ana a m'kalasi mwako akukumvera chaka chino? Kuno tilipo. Miyendo ndi yomwe ija, maso nawo ayamba kuchita nkhungu, moti kulowetsa ulusi pasingano ndimachita kupempha mayi wogulitsa tomato pafupi nane. Makina anga osokera okha ndiwo akukana kukalamba.

Udabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Ndayesa katatu sabata ino kukuuza pakamwa. Ukangoyankha, ine ndimayamba za mvula ndi za miyendo yanga, mpaka kutsanzikana. Ndiye khala pansi, ana uwatume kwina, uwerenge mpaka kumapeto.

Lachiwiri lapitali ndinapita kuchipatala chachikulu kukapimitsa maso. Potuluka ndinasokera, n'kudutsira m'wodi ya amayi. Pabedi la pakona, pafupi ndi zenera, ndinamva wina akuti, "Alamu." Padziko pano wonditchula choncho ndi mmodzi yekha, ndipo panali patatha zaka zambiri ndisanamve mawu ake.

Ndi mayi ako. Akudwala, mwana wanga, ndipo akudwala zedi.

Ndikudziwa kuti pofika pamzere uwu wakwinya nkhope. Usaipinde kalatayi. Chidani chimene wavalacho ndinasoka ndine, ndinakuyeza uli wamng'ono, ndipo ndakhala ndikuchikulitsa iwe ukamakula. Lero ndikufuna kuchisomola.

Ndiyambe ndi bambo ako, chifukwa za iwonso sindinakuuze zoona.

Ndinakulera ndikukuuza kuti mlongo wangayo anali chimunthu cha mtima wamwala, kuti anaima yekha pamlatho kutchinga adani anzake akuthawa. Mlatho umenewo ndinaumanga ndine ndi pakamwa pangapa. Iwe unkaikonda nkhaniyo, ndipo chaka chilichonse mlathowo unkatalikirako.

Bambo ako anali okonza njinga. Ankakhala pansi pa mtengo uja uli kutsogolo kwa sitolo imene ndimasokera pakhonde pake mpaka lero. Anali aatali, oonda, moti mudzi wonse unkawatcha Sipoko. Dzinalo sankakwiya nalo. Ankati sipoko ndi yoonda, inde, koma ikathyoka imodzi gudumu lonse limavina.

Ankalankhula ndi njinga. Munthu akabweretsa yophwanyika, ankayamba aipepesa kaye njingayo, kenako n'kumukalipira mwini wake. Akamaliza kukonza ankaiyesa okha, kuzungulira msika kawiri manja ali m'matumba, akuimba mluzu, mwini njinga ali pompo padzuwa kudikira.

Kupha nkhuku ankalephera. Tsiku lina kutabwera alendo tinawapatsa tambala ndi mpeni. Anapita naye kuseri kwa nyumba, anakhalitsa, kenako anabwerako ndi mpeni wokha. Titawafunsa anati tambala wachita apilo, mlandu wake udzakambidwa mwezi wamawa.

Ndi munthu ameneyo amene malole anadzamutenga nkhondo ya kumalire itavuta. M'mudzi mwathu analemba amuna khumi ndi awiri. Olembawo anauza bambo ako kuti popeza amadziwa sipanala, azikakonza magalimoto basi. Iwe unali ndi miyezi isanu.

Ine ndinanyada. Atatumiza chithunzi atavala yunifolomu, ndinachipachika pamwamba pa makina anga. Anthu anasiya kunditcha telala wapakhonde, anayamba kunditcha mlongo wa msilikali. Akazi a aphunzitsi, amene kale ankangondidutsa, anayamba kubweretsa nsalu zawo kwa ine. Ulemu umenewo unanditsekemera kuposa mmene ndingafotokozere.

Patatha chaka ndi miyezi iwiri anabwera patchuthi cha masabata awiri. Anatsika basi ngati munthu wobwereka thupi. Mluzu panalibe. Akamamwa tiyi, ankatayikira m'mbale. Ankakonda kukhala pabenchi ya pakhonde panga, msana atatsamira khoma, maso ali kumsewu.

Tsiku lachinayi chibwerereni, bambo amene anatsala akukonza njinga pamalo pawo anapopa chubu mopitiriza. Chinaphulika. Phuu! Ndisanatembenuke n'komwe, bambo ako anali pansi pa tebulo langa lodulira nsalu, manja ali kumutu, akulira ngati mwana. Buluku linali litanyowa.

Linali tsiku la msika. Pakhonde panali akazi a aphunzitsi awiri, panjira anthu ali mbwee. Wina anaseka, enanso n'kulandira. Wometa wa pafupi nafe anakuwa kuti ngati otitetezawo ndi amenewa, kuli bwino tiyambiretu kuphunzira chilankhulo cha adani.

Sindinawagwire dzanja, mwana wanga. Ndinawaponyera nsalu ya makatani kuti afunde, ndinawakankhira m'kachipinda kosungira nsalu, n'kutseka chitseko. Kenako ndinabwerera kukamaliza kuyeza chiuno cha kasitomala. Amene anathamanga kudzawatenga ndi mayi ako, iwe uli kumsana. Anawatulutsa atawagwira mkono, anadutsa nawo pakati pa msika mutu uli chilili, osayang'ana aliyense.

Kuyambira tsiku limenelo akazi a aphunzitsi ankandipatsa moni wachisoni. Ena ankati akafika pakhonde, ankamenyetsa dala chitini pansi kuti anzawo aseke. Chithunzi chija ndinachitsitsa.

Masabata awiri anatha, bambo ako osanyamuka. Lachisanu la sabata yachitatu anabwera m'mawa sitolo isanatsegulidwe, atanyamula nsalu yotuwa. Anandipempha kuti ndiwasokere buluku ndi shati, chifukwa zovala zawo zakale zinali zitawakulira. Anandiuza zonse, poti ndine ndinawalera makolo athu atamwalira, ndipo analibe chondibisira.

Anati sabwereranso kunkhondo. Anati agwirizana ndi mayi ako kuti Lolemba anyamuke nawe apite kutali, kwa amalume a mayi ako amene ankacheka matabwa m'nkhalango, kumene sankafunsa munthu kuti wachokera kuti. Anati za magalimoto zija zinali zongowanamiza. Ntchito yawo inali kutola ovulala ndi akufa n'kuwakweza m'lole.

Mawu awo ndimawamvabe. Anati, "Achemwali, si imfa yokha ndikuopa ayi. Anthu aja amandigwira malaya, amaitana amayi awo, amati ndiwathandize. Ine ndimakonza njinga. Munthu sindidziwa kumukonza."

Ndinawayeza. Chiuno, mwendo, phewa, mkono, zonse ndinalemba ndi choko pakhoma. Ndinawauza kuti adzatenge Lolemba m'mawa. Anandithokoza atagwira manja anga onse awiri.

Nsaluyo sindinaidule n'komwe. Loweruka lonse ndinangoiyang'ana, ndikuganiza za dzina limene ndidzatsale nalo: mlongo wa wothawa nkhondo, mlongo wa wonyowetsa buluku. Ndinkadziuza kuti akawagwira adzawatsekera, kuti ndikuwapulumutsa. Mwina zinali zoona pang'ono. Koma chimene chinandidzutsa pampando si chimenecho. Anali manyazi anga.

Lamlungu mapemphero atatha ndinaimirira pamaso pa mpingo wonse. Ndinalengeza kuti mlongo wanga wachira malungo amene anamugwetsa pamsika, ndipo mawa m'mawa akubwerera kukateteza dziko. Ndinapempha aliyense wokhala ndi mtima kuti adzamuperekeze. Anthu anaomba m'manja. Bambo ako ndi mayi ako kunalibe, anali kunyumba akumanga katundu.

Yunifolomu yawo, imene anaivula m'kachipinda kaja itanyowa, inali ndi ine kuyambira tsiku la chubu lija. Ndinaichapa, ndinalimbitsa mabatani onse, ndinachepetsa chiuno chifukwa anali ataonda, ndinaisita mpaka mizere kuthwa ngati lumo.

Lolemba m'mawa anabwera okha kudzatenga buluku lawo lotuwa. Anapeza khonde ladzaza. Panali a kwaya, aphunzitsi, amayi a pamsika, ngakhale wometa uja. Atangowaona anayamba kuimba. Patebulo panga panali yunifolomu yopindidwa bwino, chipewa chili pamwamba.

Anaima. Anayang'ana tebulo, anayang'ana khoma pamene panali miyeso yawo, kenako anayang'ana ine. Ndinawayandikira ngati ndikuwakonza kolala, n'kuwanong'oneza kuti, "Bambo athu anabereka mwamuna mmodzi yekha. Usandichititse manyazi."

Sanandikalipire. Zikanakhala bwino akanandikalipira. Anangopapasa malayawo n'kunena kuti, "Mwasita bwino, achemwali." Analowa m'kachipinda kaja n'kuvala.

Nthawi yonseyi mayi ako anali kunjira yakumbuyo kwa chigayo ndi zikwama ziwiri, iwe uli kumsana, akudikira mwamuna wawo kuti akakwere lole ya matabwa. Anamva nyimbo. Anasiya zikwamazo pomwepo n'kuthamangira kusiteji. Anafika bambo ako phazi limodzi lili kale pakhomo la basi.

Anawagwira malaya kumbuyo. Anawachonderera motsitsa mawu kuti atsike, ndipo amene tinamva tinali awiri okha, bambo ako ndi ine. Ataona kuti sakutembenuka anakuwa kuti, "Ukakwera basi imeneyi usadzabwerenso! Wamva? Usadzabwerenso!"

Mawu amenewo ndiwo anamva mudzi wonse. Ndiwo amene wakulira ukuwamva. Koma ine ndinali pomwepo, ndinaona nkhope yawo. Sanali kutemberera. Anali munthu amene zingwe zonse zamudukira, akukoka ndi chomaliza.

Bambo ako anatembenuka, anakutenga, anakununkhiza pamutu nthawi yaitali, n'kukubwezera kwa mayi ako. Basi inanyamuka anthu akuimba. Ine ndinakweza dzanja pamwamba kuposa onse.

Anakhala moyo masiku khumi ndi asanu ndi anayi.

Uthenga unatipeza patatha mwezi. Anaikidwa komweko, kuno kunangobwera pepala ndi chikwama. Abale atasonkhana, azakhali athu aakulu anayamba kunena kuti mkazi anamutemberera pasiteji. Ena anavomereza. Mayi ako anakhala pakona, akungondiyang'ana ine. Akuluakulu anandifunsa kuti, poti unali pafupi, unamva chiyani?

Ndinati ndinamva ndi makutu anga akuti asadzabwerenso. Sindinaname ngakhale liwu limodzi, koma bodza lalikulu kuposa limenelo sindinanenepo.

Anagamula kuti mkazi wa pakamwa potero sangalere mwana wa malemu. Mayi ako analibe wowaimira, makolo awo anali atamwalira, amalume ali kunkhalango. Anakuchotsa kumsana kwawo n'kukupereka kwa ine. Ndinali nditakhala pabanja zaka zisanu ndi zitatu wopanda mwana. Ndinatambasula manja. Izinso uzidziwe: ndinasangalala.

Pali china, ndipo n'chimene chandivuta kwambiri kulemba.

Nkhondo itatha, iwe uli ndi zaka zinayi, pakhonde panga panafika bambo wina wa mkono umodzi. Anafunsa ngati ndine telala, mlongo wake wa Sipoko. Anati anali nawo limodzi mpaka tsiku lomaliza. Iye ndiye anandiuza mmene zinachitikira.

Panalibe mlatho. Unali m'mawa, kunja kuli bata. M'tenti ya ovulala madzi anali atatha, ndipo panalibe wofuna kutsikira kumtsinje chifukwa dzulo lake kunagwa mabomba. Bambo ako anatenga ndowa ziwiri. Mlendoyo anati miyendo yawo inkanjenjemera moti ndowazo zinkalira, koma anapita. Pobwerera ndi madziwo bomba linawapeza panjira.

Anati masiku amenewo bambo ako ankangokamba za kanjinga ka magudumu atatu kamene adzakupangire ukadzakula pang'ono. Ndipo anamutuma mawu awiri, kuti ngati iye ndiye adzapulumuke adzawafikitse. Oyamba anali anga: achemwali asataye nsalu yanga, ndidzavala nkhondo ikatha. Achiwiri anali a mayi ako: mukamuuze mkazi wanga kuti ndinamva zimene ankatanthauza.

Mlendoyo anafunsa kumene angawapeze mayi ako. Ndinkadziwa. Ankachapa zovala pachipatala chaching'ono cha kutsidya, ulendo wa ola limodzi. Ndinamuuza kuti anakwatiwanso anapita kutali, koma mawuwo ndiwafikitsa ndine. Ndinamupatsa tiyi ndi buledi, ndinamuperekeza kusiteji ndekha kuti asacheze ndi wina aliyense.

Mawu amenewo ndakhala nawo zaka makumi atatu.

Zina ukuzikumbukira wekha. Mayi uja ankaima pageti la sukulu, iwe n'kumuzemba. Juzi yofiira ija anakulukira uli ndi zaka khumi ndi zisanu, iwe n'kuiponya m'ngalande iye akuona, ine n'kukuuza kuti wachita bwino. Tsiku la ukwati wako anaima tsidya la msewu pansi pa chikwangwani, dzuwa lonse lija, ndipo ine ndinakutembenuza kuti ujambulitse chithunzi utamufulatira.

Tsopano bwerera nane m'wodi muja.

Aonda, mwana wanga. Tsitsi lonse layera. Koma maso ndi ako enieni. Ndinayembekeza kuti andilavulira. Iwo anangosuntha miyendo kuti ndipeze pokhala, n'kufunsa za iwe. Anafunsa ngati unanenepa, ngati amuna ako amakusunga bwino, ngati ana ako ali ndi mano a mpata ngati agogo awo aamuna. Amadziwa kuti ndiwe mphunzitsi. Amadziwa ndi mwezi umene unabereka woyamba. Akhala akufunsa kwa anthu a m'mabasi zaka zonsezi.

Sindinakhale pabedipo. Ndinagwada pasimenti, odwala onse akuona, ndi maondo angawa. Ndinawauza za bambo wa mkono umodzi, za ndowa ziwiri, ndi mawu amene mwamuna wawo anawatumizira.

Anatseka maso. Misozi inatsikira m'makutu. Kenako anandiuza kuti ndibwerezenso, ndinabwereza. Anati ndibwerezenso kachitatu. Atatero anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Uthenga wa okonza njinga, koma wabwera wapansi."

Anandiuza kuti zaka zonsezi ankakhulupirira kuti mwamuna wawo anafa akuganiza kuti anamuthamangitsa. Anati iwo sankaopa anthu a m'mudzi, ankaopa chimenecho. N'chifukwa chake sanakwatiwenso.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanakuuzire zoona iwe utakula. Anali ndi pakamwa, akanatha kukulembera, akanatha kundiyalutsa pamsika. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana.

Anati, "Alamu, poyamba ndinkaopa kuti mwana amva za buluku lija, aziseka bambo ake ngati ena onse. Atakula ndinaona kuti amakukondani. Bambo ake anali atawataya, ine anali atanditaya. Akanadana nanunso inu, akanatsala ndi ndani?"

Sananene kuti andikhululukira, ndipo ine sindinapemphe. Ndilibe nkhope yopemphera. Koma amandilola kubwera masana aliwonse. Ndimawachapira zovala, ndimawapesa, ndimawasendera malalanje ngakhale amangoyamwa kachidutswa kamodzi. Odwala anzawo amayesa ndine mkulu wawo, amati ali ndi mwayi. Mawu amenewo amandiwotcha kuposa kutukwanidwa.

Dzulo ndinalankhula ndi adokotala. Akuti ndi chotupa cha m'mimba, ndipo chafalikira. Nditafunsa za miyezi anapukusa mutu, anati tiziwerenga masabata.

Mayi ako sanandipemphe kuti ndikulembere. Nditawauza kuti ndilemba anandiletsa, anati ndisakusokoneze, uli ndi ana ndi ntchito. Koma m'mawa uliwonse amapempha namwino kuti awatembenuzire kukhomo la wodi.

Ndiye pempho langa ndi ili. Bwera. Usadikire kuti sukulu itseke. Pita kwa ahedi ako, uwauze kuti mayi ako akudwala mwakayakaya, ndipo ponena mawu amenewo usachite chibwibwi, chifukwa ndi oona. Ngati amuna ako angalole, utenge ndi ana. Ngati sizitheka, bwera wekha.

Za ine usavutike nazo panopa. Ukafuna kundikalipira ndilipo, sindithawa, udzandipeza pakhonde pomwe paja. Ukafuna kusandilankhulanso, ndidzamva, ndipo sindidzadandaula kwa munthu. Ndinakukonda, ndimakukondabe, pamenepo pokha sindinaname. Koma ndinakukonda ndi manja akuba, ndipo mwini wake watsala ndi masiku ochepa.

Ukatsika basi usayambe kubwera kwathu. Ukhote kumanzere, ulunjike kuchipatala. Amatsegula geti nthawi ya nkhomaliro ndi madzulo dzuwa lisanalowe. Ukalowa m'wodi ya amayi upite mpaka kumapeto. Usadandaule kuti ukanena chiyani. Ukangoima pamenepo, akuone.

Undiperekere moni kwa amuna ako, uwauze kuti ndathokoza chifukwa cha mankhwala a miyendo aja. Apongozi ako uwapatse moni waulemu. Adzukulu anga uwapsompsone, koma za kalatayi udzawauze wekha pa nthawi imene udzaone kuti ndi yoyenera.

Mulungu akusunge panjira, akufikitse nthawi isanathe.

Ndine,
Azakhali ako